Anthu 40 pabwalo, oyankhula atatu: mmene mungachititsire zokambirana za pamkeka

Funso ili landipeza kambirimbiri. Ena amanditumizira pa WhatsApp usiku, ena amandiimitsa pamsika pa boma, ndipo mawu ake amakhala omwewo: "Achimwene, tinaitanitsa msonkhano, anthu anabwera mpaka ena kukhala padzuwa, koma amene anayankhula ndi amfumu, wapampando, ndi bambo wina amene amayankhula pamsonkhano uliwonse. Titafunsa ngati pali mafunso kunangoti zii. Tichite bwanji?" Ofunsa ambiri ndi alangizi amene angotumizidwa kumene kuno ku Mangochi, alembi a ma VDC (makomiti a chitukuko a m'midzi), aphunzitsi akulu ndi achinyamata a m'mabungwe. Ndaona kuti ndilembe kamodzi mwatsatanetsatane, kuti wofunsa wina ndizingomulozera pano.

Anthu amene anakhala chete aja maganizo ali nawo. Msonkhano ukatha, imani pambali muone mmene akubalalikira. Amayi atatu akulowera kumjigo, akukambirana mokweza, wina mpaka waima n'kutula ndowa kuti afotokoze bwino ndi manja. Anyamata anayi atsamira bwato padoko, mmodzi akujambula pamchenga ndi chala. Zimene munkafuna kumva pabwalo zikunenedwa pamenepo, inu mutapinda kale mapepala anu. Munthu amene sangaime pamaso pa khamu amayankhula bwinobwino pakati pa anzake anayi. Ntchito yanu ndi kutenga macheza a m'njira aja n'kuwalowetsa mumsonkhano momwemo, mfundo zisanamangidwe.

Kunja njirayi amaitcha World Café. Inayamba mu 1995 kunyumba kwa Juanita Brown ndi David Isaacs ku California, mvula itasokoneza msonkhano umene anakonza, alendo n'kuyamba kucheza m'timatebulo ting'onoting'ono, kumalemba pamapepala oyala patebulo ndi kumasinthana malo. Kuno matebulo tilibe, tili ndi mikeka ndi mithunzi ya mango, ndiye ine ndimangoti zokambirana za pamkeka. Mabuku amene amafotokoza njirayi analembera anthu amene onse amadziwa kulemba ndipo palibe amene amaopa mnzake. Kwathu kuno sizili choncho, n'chifukwa chake zina ndazisintha.

1. Yambani ndi amfumu, msonkhano usanalengezedwe

Pitani nokha, kapena ndi wapampando wa komiti, kukadali masiku angapo. Musatume mwana ndi kalata. Malonje akatha, fotokozani zonse zimene zidzachitike: kuti anthu adzakhala m'timagulu, kuti padzakhala phokoso, kuti kwa ola lathunthu sipadzakhala woima kutsogolo. Mfumu imene yadzidzimutsidwa pamaso pa anthu ake imaona ngati mwailanda bwalo, ndipo sikulakwa kuona choncho.

Ine ndimanena chonchi: "Amfumu, bwalo ndi lanu. Mudzatitsegulira, kenako tikupempha kuti mudzalole ana anu akambirane paokha. Zimene apeze adzazitula kwa inu, ndipo mawu otsekera adzakhala anu." Mafumu ambiri savuta, chifukwa milandu pabwalo imayenda chomwecho: nduna zimafunsa, anthu amafotokoza, mfumu imamvetsera n'kuyankhula pomaliza.

Pali chinthu chimodzi chimene muyenera kupempha mwaulemu koma momveka: potsegula asanene maganizo awo pa nkhaniyo. Amfumu akangoti "ine ndikuona kuti vuto ndi ulesi wa anyamata", mikeka yonse idzakubwezerani yankho lomwelo m'mawu osiyanasiyana.

Adziwitseninso ashehe ndi abusa. Uthenga wolengezedwa kumzikiti ndi kutchalitchi umafika kutali kuposa chipepala chomata pamtengo. Ndipo za alawansi nenanitu poitana. Ngati kulibe, anthu adziwe asananyamuke kunyumba, chifukwa funsoli likatsala m'mitima ndi limene lidzakambidwe pamikeka m'malo mwa lanu.

2. Sankhani tsiku loti amene mukuwafuna apezeke

Lachisanu masana anthu ambiri ali kumzikiti. Tsiku la msika amayi sapezeka. M'mwezi wa Ramadani msonkhano ukhale waufupi, wam'mawa, ndipo ngati pali zakumwa apatseni anthu atengere kunyumba. Kukagwa maliro m'mudzi, imitsani, musakakamire.

M'mbali mwa nyanja muli kalendala yakeyake. Asodzi a usipa amagwira ntchito usiku ndi nyali, amakocheza m'mawa, ndipo nthawi yomweyo amayi amakhala ali kalikiliki kugula nsomba ndi kuyanika pa mathandala. Mukaitana msonkhano 8 koloko m'mawa mudzapeza okalamba ndi eni zida (eni mabwato ndi maukonde) okhaokha. Masana ndiye bwino, ndipo masiku abwino koposa ndi amene mwezi ukuwala kwambiri, chifukwa usipa subwera ku nyali ndipo anyamata ambiri amagona kumtunda. Mwera ukalimba m'miyezi yozizira zimakhalanso chimodzimodzi. Kumtunda, monga ku Namwera kapena kwa Katuli, yang'anani za kumunda: nthawi yodzala ndi yopalira musayembekezere anthu m'mawa.

Muwerengere maola awiri ndi theka. Kupitirira apo, makamaka kutentha kwa Okutobala, anthu amayamba kuzemba mmodzimmodzi, ndipo oyamba kuchoka ndi amayi, amene akukaphika.

3. Konzani mafunso atatu, ndipo muwayese kaye

Funso loti "mavuto anu ndi otani?" lisiyeni. Anthu analiyankha kale kwa mabungwe ambirimbiri ndipo yankho lake analiloweza: mjigo, buloko ya sukulu, mlatho, ngongole. Funso limene yankho lake lovomerezeka likudziwika kale, monga "kodi kupha nsomba ndi neti ya udzudzu n'kwabwino?", nalonso silikupatsani kanthu. Aliyense adzati n'koipa, usiku neti idzalowa m'madzi.

Mafunso abwino amayamba ndi zimene munthu waona ndi maso ake, kenako chifukwa chake, kenako chochita. Tiyerekeze kuti ndi msonkhano wa BVC, komiti ya padoko imene imayang'anira zausodzi. Makomiti amenewa anayambira pa nyanja ya Malombe mu 1993 chambo chitachepa kwambiri, ndipo lamulo la zausodzi la 1997 linatsegula njira yoti asodzi azitenga nawo mbali posamala nsomba. Ngati nkhani ndi ya anthu ophwanya nyengo yotseka nyanja, mafunso angakhale awa. Loyamba: nyanja itatsekedwa ulendo wathawu, pakhomo panu ndalama ya ufa inkachokera kuti? Lachiwiri: n'chiyani chimachititsa munthu amene lamulo akulidziwa bwino kulowabe m'madzi? Lachitatu: ife a padoko lino tingayambe chiyani mwezi uno, osadikira boma kapena bungwe?

Onani kuti funso lachiwirilo silikufunsa "ndani". Likufunsa za munthu wosatchulidwa dzina, choncho amene amachitadi zimenezo akhoza kuyankha zoona popanda kudziulula.

Mukakonza, mufunseni mayi wogulitsa mandasi kapena mnyamata wa kabaza. Akati "mukutanthauza chiyani?", funsolo silinapse. Ndipo ngati mudziwo ndi wa Chiyao, khalani pansi ndi mwini chiyankhulo dzulo lake mumasulire limodzi. Kumasulira kwa pompopompo kumasandutsa funso lofewa kukhala ngati la kupolisi.

4. Konzani malo

Mkeka umodzi anthu anayi kapena asanu. Akafika asanu ndi awiri, awiri amayamba kulamulira, ena n'kukhala omvera. Anthu 40 ndiye kuti mikeka 8. Italikirane moti gulu lina lisamve za linzake, ndipo yonse ikhale pamthunzi, chifukwa gulu limene mwaliika padzuwa limamaliza m'mphindi zisanu.

Pamkeka uliwonse ikani pepala lalikulu kapena katoni yong'amba, cholembera cha maka kapena makala, timapepala todula tokwana 10, ndi mwala wotsindira mphepo. Mikekayo ipatseni mayina a nsomba: chambo, usipa, utaka, kampango, mcheni, mlamba ndi ena otero. Anthu amakumbukira msanga kuposa manambala, ndipo amayamba kuseka asanakhale n'komwe pansi.

5. Gawani anthu mwanzeru, osati mwamaere

Mabuku amati awerengetseni 1, 2, 3 mpaka 8, a nambala imodzi akhale pamodzi. Mukachita zimenezo kuno mudzaika mkamwini pamkeka umodzi ndi apongozi ake, ndipo adzakhala mphindi 20 akuyang'ana zala zakumapazi. Mudzaika mlovi pamodzi ndi bwana wake. Kwa amene mwangofika kumene: alovi ndi anyamata ogwira ntchito pabwato, opalasa ndi kukoka ukonde, ndipo bwato, injini ndi chilimira, ukonde waukulu wophera usipa ndi utaka, ndi za munthu wina amene kawirikawiri salowa n'komwe m'madzi. Mlovi akanena pamaso pa mwini zida kuti magawidwe a ndalama ndi okondera, mawa malo ake pabwato atenga wina. Chimodzimodzi mayi amene amagula nsomba pangongole kwa msodzi amene wakhala naye moyang'anizana, kapena kholo limene mwana wake ali m'kalasi ya mphunzitsi amene ali pomwepo.

Zokambiranazi zimayenda m'ndime zitatu, ndime iliyonse ndi funso lake. Ndiye ndime yoyamba ikani ofanana pamodzi: alovi paokha, eni zida paokha, amayi ochita geni ya nsomba paokha, atsikana paokha, agogo paokha. Munthu amayamba wayesa mawu ake pakati pa anzake, n'kuona kuti si iye yekha amene amaganiza choncho. Kusakaniza kumabwera pa ndime yachiwiri, aliyense atalimba mtima. Pali nkhani zina zimene sindisakaniza amuna ndi akazi mpaka pamapeto, monga ya amayi amene amaumirizidwa kugonana ndi asodzi kuti apeze nsomba zogula. Imeneyo imatuluka pamkeka wa amayi okhaokha, mwini mkeka (wolandira anthu pamkekapo) ali mayi.

Maubale amenewa mlendo sangawadziwe. Khalani pansi dzulo lake ndi anthu awiri a m'mudzimo, mmodzi akhale mayi, akuuzeni amene sayenera kukhala limodzi.

Nanga akuluakulu? Akonzereni malo awoawo, pamipando, pamthunzi wabwino: amfumu, nduna, akhansala, ashehe, abusa, ndi alendo a ku boma. Apatseni mafunso omwewo, akambirane ngati ena onse, koma iwo sasuntha. Ulemu wawo ulipo, ndipo mikeka ina yapuma. Bambo woyankhula pamsonkhano uliwonse uja mukhoza kumupempha kuti akhale mlembi wa gulu la akuluakululi. Amavomera mosangalala.

Inuyo musakhale pamkeka uliwonse. Mukangogwada pafupi, anthu amasiya kuyankhulana n'kuyamba kukuyankhani inu.

6. Sankhani eni mikeka ndipo muwaphunzitse

Mwini mkeka ndi munthu mmodzi amene sasamuka pamene ena akusinthana. Akalandira alendo atsopano amawafotokozera mwachidule zimene anzawo asiya, n'kuwapempha awonjezere kapena atsutse. Musasankhe wodziwa kuyankhula. Sankhani wodziwa kumvetsera, amene anthu amamukhulupirira ndi nkhani zawo, monga mayi wosunga bokosi la banki mkhonde kapena wa mother group ya pasukulu. Ngati salemba, mupatseni mwana wa sekondale amulembere, koma mwanayo auzidwe kuti ntchito yake ndi dzanja basi.

Kumanani nawo kwa theka la ola msonkhano usanayambe. Auzeni zinthu zinayi. Aliyense ayankhule kamodzi wina asanabwereze. Chiyao kapena Chichewa, munthu ayankhule chimene chili pafupi ndi mtima wake. Mawu alembedwe mmene anenedwera. Dzina la wonena lisalembedwe ndipo lisatchulidwe, ngakhale amfumu atafunsa.

Pothandiza lamulo loyambalo, ikani chitsononkho kapena kamtengo pamkeka. Amene wagwira ndiye akuyankhula, akamaliza apatsire mnzake. Poyamba amaseka, koma mayi amene sanatsegulepo pakamwa pamsonkhano akachilandira m'manja amanena kanthu.

7. Yendetsani ndime zitatu

Pemphero ndi mawu a amfumu zikatha, fotokozani zochitika m'mphindi zosapitirira zisanu. Nenani funso loyamba lokha, kawiri, m'ziyankhulo zonse ziwiri. Musanene onse atatu nthawi imodzi, anthu amathamangira lomaliza.

Ndime iliyonse ndi mphindi 20. Mphindi zitatu zoyamba kumakhala chete, ndipo apa ndi pamene otsogolera ambiri amachita mantha n'kuyamba kufotokozanso funso mokweza. Dikirani. Pitani mukaime patali. Mkeka umodzi ukayamba, ina imatsatira.

Kukatsala mphindi zitatu chenjezani, kuti gulu lililonse lisankhe mfundo zake ziwiri kapena zitatu zikuluzikulu, mfundo iliyonse pa kapepala kake. Amene salemba ajambule: bwato, thumba la chimanga, ndalama. Nthawi ikakwana yambitsani nyimbo imene onse amaidziwa, anthu asamuke akuimba. Nenani momveka kuti a pamkeka umodzi asapite onse kumodzi, abalalike. Mukapanda kunena, gulu lonse limanyamuka ngati banja n'kukakhala pamkeka woyandikana nawo, ndipo palibe chasintha.

Agogo ndi aulumali asavutike kusamuka, anthu aziwapeza pomwe ali. Mayi woyamwitsa akhale kumphepete kuti akafuna kudzuka adzuke momasuka.

8. Kukolola: apa ndi pamene misonkhano yambiri imafera

Malangizo ambiri pa sitepe iyi amangoti magulu apereke malipoti. Ine ndaona misonkhano imene mikeka inayaka moto kwa ola lathunthu, koma pofika pa malipoti zonse zinazima, n'kutsala mawu omwe aja amene akanatha kunenedwa popanda kuyala mkeka n'umodzi womwe. Zimachitika m'njira zitatu.

Yoyamba ndi kusalaza. Pamkeka mayi wanena kuti, "Tikapita kukadandaula, a komiti amayamba afunsa kuti wagwidwayo ndi mwana wa ndani." Wopereka lipoti akaima pamaso pa amfumu ndi a komitiwo amati, "Gulu lathu lapeza kuti pakufunika kulimbikitsa mgwirizano." Sananame, koma fupa walichotsa. Yachiwiri ndi kutopetsa: magulu 8, lililonse mphindi zisanu, onse kubwereza zofanana, ndipo pofika gulu lachisanu anthu akuyang'ana dzuwa. Yachitatu ndiyo yoopsa, kuulula wonena.

Imeneyi inandichitikira. Pa doko lina, zaka zapitazo, mnyamata wina mlovi ananena pamkeka kuti neti ya udzudzu imene amasokerera ku ukonde sagula ndi iwo, amapatsidwa ndi eni zida, koma akagwidwa amene amanyozedwa ndi alovi. Inali mfundo yofunika kuposa zonse tsiku limenelo. Popereka lipoti, mwini mkeka anati, "monga wanenera mnyamata uyo", n'kumuloza ndi chala. Sanachite mwankhanza, ankafuna kumuyamikira. Ine ndinali ndisanawauze eni mikeka za kusatchula munthu. Nditabwererako patapita milungu iwiri ndinamva kuti mnyamatayo anamuchotsa pabwato ndipo anapita kukafuna ganyu kudoko lina. Mpaka lero nkhaniyi imandiwawa, ndipo kuyambira pamenepo ndimakolola motere.

Ndime yachitatu ikatha, lengezani kupuma kwa mphindi 15. Anthu akumwa madzi kapena thobwa, inu ndi eni mikeka sonkhanitsani timapepala tonse m'lichero limodzi n'kutisakaniza. Tikasakanizika palibenso angadziwe kuti aka kachokera pa chambo kapena pa usipa. Kenako tiyaleni pansi, tofanana pamodzi. Pa timapepala 60 mumatuluka milu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri. Mulu uliwonse muupatse mutu pogwiritsa ntchito mawu a pa kapepala kena ka mumuluwo, osati mawu a mu ofesi. Ngati anthu anati "njala ya miyezi yotseka", mutu ndi umenewo.

Padzatsala timapepala tiwiri kapena titatu tosalowa mulu uliwonse. Musatitaye. Kawirikawiri ka mtsikana kapena ka mlovi kamakhala pamenepo, kali kokha chifukwa ndi mkeka umodzi wokha umene unalimba mtima kunena. Tiikeni pamulu wawowawo ndipo tiwerengedwe ngati ena onse.

Anthu akabwerera pabwalo, werengani ndinu, kapena munthu wina amene si wa m'mudzimo. Mlendo akhoza kutula mawu olemera amene mwini mudzi sangawatule n'kugona bwino. Yambani ndi kunena kuti, "Awa ndi mawu a bwalo lino, si a munthu mmodzi." Werengani mmene analembedwera, ndi mawu ofatsa, maso ali papepala. Musayang'ane kumene kwakhala alovi pamene mukuwerenga za alovi, chifukwa maso anu amaloza ngati chala. Kapepala kakakhala ndi dzina la munthu woimbidwa mlandu, dzinalo lisiyeni, nenani mchitidwewo. Mlandu wa munthu uli ndi bwalo lake.

Mukatha mulu uliwonse funsani mafunso awiri okha: "Kodi tawerenga zimene munanena? Pali chimene chatsala?" Apa wina wa akuluakulu adzadzuka kuti ayankhe kapena adziteteze. Mukamulola, msonkhano wabwerera mwakale, anthu atatu oyankhula. Muimitseni mwaulemu: "Bambo, mawu anu tiwafuna ndithu, ndipo nthawi yake ikubwera. Pano tiyambe tamva zonse." N'chifukwa chake munapita kwa amfumu poyamba paja. Ngati munagwirizana bwino, amfumu eni ake ndi amene amakweza dzanja n'kumukhazika pansi.

Wina adzafunsa ndithu kuti, "Wanena zimenezi ndani?" Yankho likhale lokonzeratu: timapepala tasakanizidwa, ndipo tinalonjeza kuti sititchula munthu. Mukagonja kamodzi kokha, mudzi umenewo sudzakuuzaninso zoona, ngakhale mutabwera ndi mikeka ingati.

Mfundo zikatsutsana, musazikwatitse mokakamiza. Ngati eni zida akuti chilango chikwere ndipo alovi akuti chilango chizigwera mwini ukonde, lembani zonse ziwiri moyandikana, bwalo lizione. Kusagwirizana kumene kwaonekera poyera kumatheka kukambirana, pamene kobisika kamadzatulukira usiku panyanja.

9. Sankhani zoyamba, tulani kwa amfumu, gawanani ntchito

Milu isanu ndi iwiri singagwiridwe yonse. Kuvota kokweza manja musakuyese, aliyense amayamba wayang'ana dzanja la amfumu. Ikani zitini kuseri kwa chitenje chopachika, chitini chilichonse ndi chithunzi cha mulu wake, pakhale mwana wa sukulu wokumbutsa amene waiwala. Munthu aliyense alandire njere zitatu, alowe yekha, aponye mmene akufunira. Abambo apatseni chimanga, amayi nyemba, achinyamata timiyala. Pokhuthula zitini pamkeka aliyense amaona ndi maso kuti chitini ichi chadzaza nyemba koma chimanga mulibe. Pamenepo simufunikanso kufotokoza kuti amayi ali ndi nkhawa ina. Ndaonapo bwalo lonse litakhala chete kuyang'ana mulu wa nyemba.

Tengani mfundo ziwiri kapena zitatu zimene zapambana. Ngati pali imene yadzaza mbewu ya mtundu umodzi wokha, ionjezereni ngakhale sinapambane. Tsopano ndi nthawi ya akuluakulu kuyankha, ndipo apatseni mpata wokwanira, chifukwa adikira nthawi yaitali. Kenako pa mfundo iliyonse funsani: achita ndani, pofika liti, ndipo tidzadziwa bwanji kuti zachitika? "Komiti iona" si yankho. Pakhale mayina a anthu awiri amene avomera ndi pakamwa pawo, ndi tsiku.

Siyanitsani zimene mudzi ungachite wokha ndi zofunika kupita pamwamba. Chiyambire ndondomeko ya mphamvu ku anthu mu 1998, njira yake ndi yochoka ku VDC kupita ku ADC (komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu) mpaka ku khonsolo, ndipo imatenga nthawi. Auzeni anthu zoona zake, musalonjeze mjigo umene simunauone mu bajeti. Amfumu akatseka, mawu awo akhale otsimikiza zimene bwalo lasankha.

Ngati nthawi ndi yochepa, monga pamsonkhano wa makolo kusukulu kapena pa sikelo ya ana, pali njira yaifupi ya mphindi 12 yosafuna mkeka. Funsani funso limodzi. Aliyense aganize payekha mphindi imodzi, akambirane ndi woyandikana naye mphindi ziwiri, awiriwo aphatikane ndi awiri ena mphindi zinayi, kenako gulu lililonse la anayi linene mfundo imodzi imene ena sananene. Poti anthu amakhala kale amayi mbali yawo, abambo mbali yawo, kugawa kumachitika kokha. Lamulo losatchula wonena ndi lomwelo.

Mapepala a msonkhano musapite nawo ku ofesi. Ajambuleni ndi foni, enieniwo asiyeni kwa mlembi wa komiti, kupatula timapepala ta m'lichero tija. Timeneto tengani inu, chifukwa m'mudzi anthu amadziwana zolemba. Msonkhano wotsatira uyambe ndi kuwerenga pepala la ntchito lija mokweza, mfundo imodziimodzi, ndipo amene anavomera aime anene pamene afika.